Kodi maantibayotiki angatsuke m'mimba kuchotsa tizilombo tosamva mankhwala?

Mlongo wina wandilembera imelo sabata ino. Amayi ake adwala matenda a m'chikhodzodzo katatu chaka chino, ndipo ku labu anapeza mabakiteriya a E. coli amene sakumva maantibayotiki a ceftriaxone. Adokotala anawauza kuti tizilomboti timakhala m'matumbo. Ndiye akufunsa: "Bwanji ndiwagulire makapisozi amphamvu, amwe milungu iwiri, m'mimba muyere?"

Achemwali, musagule. Funso lanu si lachibwana ayi, madokotala nawo analiganizira ndipo anayesa.

Ku Geneva, mu kafukufuku amene anatuluka mu 2013, anthu okhala ndi mabakiteriya a mtundu wa ESBL (osamva mankhwala ngati ceftriaxone) m'matumbo anapatsidwa maantibayotiki a colistin ndi neomycin akumwa kwa masiku 10. Ali pamankhwala tizilombo tinachepadi. Patangotha sabata imodzi atasiya, panalibenso kusiyana ndi anzawo amene anamwa mankhwala ongoyerekeza. N'chifukwa chake mu 2019 bungwe la akatswiri a ku Ulaya la ESCMID linalangiza kuti njira imeneyi isamachitike mwachizolowezi.

Chifukwa chake mlimi aliyense angachimve. M'matumbo muli mabakiteriya ambirimbiri abwino amene amaphangira malo ndi chakudya, moti oipawo amasowa pofalikira. Mukathira mankhwala amphamvu, oyamba kufa ndi abwinowo. Osamva mankhwala aja amatsala, ngati dawe m'munda amene mwapopera udzu wonse, ndipo munda wonse umakhala wawo. Izi zinaoneka kwathu konkuno. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anatsatira odwala ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre: mwa ogonekedwa amene anapatsidwa maantibayotiki, pafupifupi theka anali ndi ESBL m'matumbo pofika, koma patatha sabata anali ataposa atatu mwa anayi alionse.

Malo amene njira yofanana nayo imagwiritsidwadi ntchito ndi mu ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya), makamaka ku Netherlands, kumene inayambira cha m'ma 1980. Odwala opumira makina amawapaka colistin ndi tobramycin m'kamwa, ena n'kuwathirira m'mimba kudzera pachubu, pofuna kupewa chibayo ndi matenda a m'magazi. Koma amenewo ndi anthu amene ali pakati pa moyo ndi imfa, labu ikuwayeza pafupipafupi, m'dziko limene tizilombo tosamva mankhwala n'tochepa. Amayi anu ali kunyumba, akuphika okha nsima. Ndiponso colistin ndi mmodzi mwa mankhwala otsiriza amene madokotala amasungira tsiku loipa, ndiye kumuseweretsa n'kudziotchera nkhokwe.

China choti mudziwe: kukhala ndi tizilomboti m'matumbo si kudwala. Anthu ambiri athanzi ali nato, ndipo mwa ena timachepa tokha pakapita miyezi ngati sakumwa maantibayotiki.

Chofunika kuchiza ndi chikhodzodzo, chikawavuta. Nthawi iliyonse mkodzo uziyamba wayezedwa ku labu, mankhwala asankhidwe potengera zotsatira. Sungani pepala la zotsatira zija mu buku lawo la kuchipatala, aliyense wowaona aziliwerenga asanalembe ceftriaxone mwachizolowezi. Apemphenso kuyezedwa shuga, chifukwa matenda a m'chikhodzodzo obwerezabwereza mwa azimayi achikulire nthawi zina amabisa shuga. Azimwa madzi okwanira, sopo asamasowe pakhomo pa chimbudzi, ndipo za amoxicillin wa pagolosale chimfine chikabwera, asiyiretu. Akayamba kutentha thupi, kunjenjemera kapena kumva kupweteka m'mbali mwa msana, musadikire kuti kuche.