Kodi mpaka mumve mawu kuchokera kumwamba?

M'bale, mwafunsa kuti mungadziwe bwanji maitanidwe anu pomwe simunalotepo kapena kumva mawu. Zimenezo zisakudetseni nkhawa. Ngakhale Samueli, amene anamva ndi makutu ake, anathamangira kwa Eli katatu konse poyesa kuti mkuluyo ndiye akumuitana. Eli ndi amene anazindikira kuti ndi Yehova (1 Samueli 3). Ndiye pezani munthu wokhwima m'chikhulupiriro amene amakudziwani bwino, osati wongokuyamikirani ayi, mumufunse zimene amaona mwa inu.

Barnaba ndi Saulo nawonso anapatulidwa ali kale pa ntchito mumpingo wa ku Antiokeya, akutumikira Ambuye ndi kusala kudya limodzi ndi anzawo (Machitidwe 13). Ine ndinayamba ndi kuyala mipando ndi kuyendera odwala. M'pamene ndinaona kuti kukhala pambali pa wodwala, nditamugwira dzanja, sikunditopetsa ngati mmene misonkhano ya komiti imanditopetsera.

Chovuta kwenikweni n'kumvera. Yona ankadziwa bwinobwino kuti watumidwa ku Nineve, koma anakakwera chombo cha ku Tarisi. Tandiuzeni, palibe kanthu kamene mukukadziwa kale koma mukungozengereza?