Pixel Dungeon imafuna nzeru, achimwene

Achimwene a kwa Mponda, mwafunsa ngati Shattered Pixel Dungeon, masewera a pa foni ndi pa kompyuta aja, imafuna nzeru kapena kumangopha zilombo mpaka munthu wanu akhale wamphamvu. Ine ndikuti nzeru, ndipo masewerawa anawapanga dala kuti kupha mobwerezabwereza kusakupindulitseni. Munthu wanu amamva njala, ndiye mukachedwa pamalo amodzi chakudya chimatha. Levelo yanu ikakwera, makoswe amene mumalimbana nawo kumayambiriro sakuwonjezeraninso kanthu mukawapha. Mukafa mumayambiranso, mapu atasintha, monga zinalili pa masewera a Rogue a 1980.

Chimene chimakula ndi luso lanu. Menyerani pakhomo kuti adani azibwera mmodzimmodzi, ndipo amene mwamudzidzimutsa simumuphonya. Ma Scroll of Upgrade, mapepala owonjezera mphamvu ya chida, ndi ochepa, chonde musawamwaze pa chida chilichonse chimene mwatola, sankhani chimodzi kapena ziwiri. Goo, chilombo chachikulu cha pansanjika ya 5, akayamba kufufuma, talikirani kaye.

Masewera ena otchedwa Hades ndi osiyana, kumeneko kubwereza kumawonjezeradi mphamvu zokhalitsa. Koma kuno ku Mangochi ine ndimalimbikitsa Pixel Dungeon yomweyo, chifukwa pa Android ndi yaulere ndipo posewera simuonongapo bandulo.