Kodi ndani anayamba kulengeza za khansa kwa anthu wamba?

Mayi wina wandilembera imelo kufunsa kuti: "Okutobala akafika, anthu amavala maliboni apinki n'kumaguba m'misewu. Kodi zophunzitsa anthu za khansazi zinayamba liti? Kapena ndi nzeru zatsopano za mabungwe ofuna ndalama?"

Amayi, liboni yapinkiyo ndi ya dzanadzanali, inatchuka ku America cha mu 1991 ndi 1992. Koma ntchito yeniyeniyo ndi yakale, ndipo anaiyambitsa ndi madokotala a opaleshoni amene anatopa kulandira odwala madzi atafika kale m'khosi.

Mmodzi mwa oyambirira anali Georg Winter, dokotala wa matenda a amayi mumzinda wa Königsberg, womwe panthawiyo unali m'dziko la Germany. Mu 1903 iye analembera madokotala anzake ndi azamba, nafalitsanso uthenga m'nyuzipepala wopita kwa amayi eni ake: mukamataya magazi nthawi yolakwika, makamaka ngati munasiya kale kusamba, musadikire, pitani mukapimidwe. Mankhwala a khansa amene tikuwadziwa lerowa kunalibe. Kuwotcha ndi X-ray kapena radium kunali kukungoyamba kumene. Chimene dokotala anali nacho ndi mpeni, ndipo mpeni umathandiza chotupa chisanafalikire. N'chifukwa chake uthenga wonse wa zaka zimenezo unali umodzi: musachedwe.

Ku America zinayamba mwamphamvu mu 1913. Madokotala 10 ndi anthu ena 5 anakhazikitsa American Society for the Control of Cancer ku New York. Chaka chomwecho magazini ya amayi ya Ladies' Home Journal inasindikiza nkhani ya Samuel Hopkins Adams yonena poyera za matendawa, pa nthawi imene mabanja ankabisa ngakhale pamaliro kuti malemu atisiya ndi khansa. Mu 1921 bungweli linachita sabata yoyamba ya khansa m'dziko lonse, ndipo linapanganso filimu yakeyake.

Ku Britain madokotala ambiri anakana. Ankati mukauza anthu wamba zizindikiro, muwachititsa mantha opanda pake ndipo adzadzaza zipatala ndi nkhawa chabe. Charles Childe, dokotala wa ku Portsmouth, anatsutsana nawo ndipo anachititsa kuti khonsolo ya mzindawo iyambe kufalitsa zidziwitso, koma iye ndi anzake anali ochepa. Bungwe la British Empire Cancer Campaign la mu 1923 linaika mtima pa kafukufuku. Ine ndimaona kuti madokotala okanawo anali ndi mtima wodziyesa makolo a odwala, komabe funso lawo silinali lachibwana: munthu ukamuopseza kwambiri amathawa chipatala chomwecho.

Chimene chinasintha zinthu ndi amayi. Mu 1936 Marjorie Illig, wa m'bungwe lalikulu la makalabu a amayi ku America, anatsogolera kukhazikitsa Women's Field Army. Anali amayi ongodzipereka, ena atavala yunifolomu ya khaki, ali ndi maudindo ngati a asilikali. Ankayenda khomo ndi khomo, kugawa timapepala, kuitana madokotala kudzayankhula pamisonkhano ya amayi, ndi kutolera dola imodzi kwa wolowa. Bungwe lija la American Society for the Control of Cancer, lomwe gulu la amayili linali mbali yake, limanena kuti anthu ogwira ntchitoyi anachoka pa 15,000 mu 1935 kufika pafupifupi 150,000 mu 1938. Dokotala wamwamuna sakanatha kukamba za mawere kapena za chiberekero pakhomo pa munthu, koma mayi mnzake akanatha. Chaka cha 1937 boma la America linakhazikitsa National Cancer Institute, bungwe lake lofufuza za khansa, ndipo mu 1938 mwezi wa Epulo unasankhidwa kukhala wolimbana ndi khansa. Onani amayi, Epulo anayamba, Okutobala anabwera mu 1985.

Kenako kunabwera Mary Lasker, mkazi wa katswiri wotsatsa malonda. Iye anabweretsa anthu a bizinesi m'bungwe lija la mu 1913, dzina linasintha kukhala American Cancer Society, ndipo mu 1945 anatolera ndalama zoposa madola 4 miliyoni. Apa ndiye pamene ndalama zinalowadi m'nkhaniyi, ndiye kukayika kwanu sikuchokera kumwamba. Zizindikiro zisanu ndi ziwiri zoopsa, monga chilonda chosapola, chotupa m'bere ndi chifuwa kapena mawu osasa osatha, zinamatidwa paliponse.

Pali zina zosakoma. Uthenga woti musachedwe unkasenzetsa wodwala mlandu: akamwalira, ndiye kuti anazengereza yekha. Chikhalirecho khansa zina zimathamanga ngakhale munthu atafika msanga, ndipo mayi wopeza chotupa ankadziwa chomwe chikumudikira: opaleshoni ya William Halsted, yochotsa bere lonse pamodzi ndi minofu ya pachifuwa ndi zam'khwapa. Amene ankazengereza sanali mbuli ayi. Komanso Clarence Little, yemwe anatsogolera bungwe lija la American Society for the Control of Cancer kuyambira 1929, anadzalembedwa ntchito ndi makampani a fodya mu 1954, n'kumanena kuti umboni woti fodya amayambitsa khansa ya m'mapapo sunakwane.

Chimene chinapatsa uthengawu mphamvu zenizeni ndi njira ya George Papanicolaou yoyeza khomo la chiberekero, imene iye ndi Herbert Traut anaifotokoza mokwanira mu 1943. Tsopano zinali zotheka kupeza vuto mayi asanamve chilichonse m'thupi. Kwathu ku Malawi, kumene khansa ya khomo la chiberekero ndi imene imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse, zipatala zambiri zimayeza popaka viniga n'kuyang'ana ndi maso, ndipo katemera wa atsikana woteteza ku HPV, kachilombo kamene kamayambitsa khansayi, anafika dziko lonse mu 2019.