Yankho kwa amalume pa za tizipata ta m'mitochondria ya zomera

Amalume, ndamvetsera funso lanu lija, loti popeza mitochondria, kachigawo ka m'selo kamene kamapanga mphamvu kuchokera ku chakudya, inakutidwa ndi nembanemba ziwiri, zinthu zimalowa ndi kutuluka bwanji, nanga chimalamula kuti patseguke kapena patsekeke n'chiyani. Mwafunsanso ngati zomera zimachita chimodzimodzi ndi ife anthu. Ndiyankha modekha, chifukwa nembanemba ziwirizi zimasiyana kwambiri khalidwe.

Yakunja ndi yolekerera. Pa iyo pamadzaza puloteni yotchedwa VDAC, yomwe Schein, Colombini ndi Finkelstein anaipeza mu 1976 akufufuza kachilombo ka m'madzi kotchedwa Paramecium. Puloteniyi imapindika n'kupanga kabowo kozunguliridwa ndi timizere 19, ndipo ATP (kachinthu konyamula mphamvu m'selo), ADP ndi phosphate (zomwe zimaphatikizidwa popanga ATP) ndi timaasidi tochokera ku shuga timadutsa m'menemo popanda kuvutikira. Akaiyesa mu labotale, imakhala yotseguka mphamvu ya magetsi pa nembanembayo ikachepa, koma ikapitirira mamilivoti pafupifupi 30 kabowoko kamapanikizika, moti ATP imalephera kudutsa pamene kashiamu amadutsa mosavuta kuposa kale. Anthufe tili ndi mitundu itatu ya VDAC, ndipo kachomera ka Arabidopsis, komwe ofufuza amakonda kuyeserapo zinthu, kali ndi inayi yogwira ntchito. Akawononga jini ya VDAC2 kapena VDAC4 kachomerako kamapinimbira ndipo kamavutika kubereka. M'mbatatesi anapezanso kuti VDAC imathandiza kulowetsa tRNA, yomwe imafunika popanga mapuloteni, chifukwa mitochondria ya zomera ilibe majini okwanira opangira tRNA yonse imene imafuna.

Pa nembanemba yomweyo pali chipata china, TOM40, cholowetsa mapuloteni. Mapuloteni oposa 1,000 amene amagwira ntchito m'mitochondria amapangidwira kunja kwake, ndipo ambiri amabwera ndi kachizindikiro kumutu komwe puloteni yolondera yotchedwa Tom20 imazindikira. Chondisangalatsa n'choti Tom20 ya zomera si yachibale ndi ya nyama, ndipo inazikika pa nembanemba mozondoka, komabe ntchito yake ndi imodzimodzi.

Nkhani yeniyeni, amalume, ili pa nembanemba yam'kati. Pamene selo likugwiritsa ntchito shuga ndi mpweya wa okosijeni, mapulotoni, tinthu tating'onoting'ono ta haidrojeni tokhala ndi mphamvu ya magetsi, amakankhidwira kunja kwa nembanembayi, n'kumaunjikana kumeneko ngati madzi a m'damu amene njira yawo yotsikira ndi ya m'makina opukusa magetsi basi. Makina ake ndi puloteni ya ATP synthase, yomwe imapanga ATP mapulotoniwo akamabwerera m'kati kudzera mwa iyo, ndipo kusiyana kwa mphamvu pakati pa mbali ziwirizo kumafika mamilivoti 150 mpaka 180. Peter Mitchell anafotokoza zimenezi mu 1961, anzake anamukayikira kwa zaka zambiri, kenaka analandira mphoto ya Nobel mu 1978. Ndiye mukuona kuti kabowo kotseguka nthawi zonse ngati VDAC sikangakhale pamenepa, chifukwa mapulotoni angabwerere mwaulere ndipo ATP singapangikenso. M'malo mwake pali mapuloteni onyamula, amene amatsegukira mbali imodzi, n'kutseka, kenaka n'kutsegukira mbali inayo, osatseguka konsekonse nthawi imodzi. Wotchuka pa onsewa amatulutsa ATP imodzi polowetsa ADP imodzi. Arabidopsis ali ndi majini 58 a banja la mapuloteni onyamulawa, ndipo m'masamba ntchito ya pa nembanembayi imachuluka masana, pamene kaasidi kotchedwa glycine kamalowa kochuluka n'kutuluka katasanduka kaasidi kena kotchedwa serine.

Tizipata tenitenito tiliponso m'katimu, koma tili ndi alonda okhwima. Ka kashiamu kamatchedwa MCU, kanadziwika mu 2011 m'maselo a nyama, ndipo Arabidopsis ali ndi mitundu 6 yake. Pakhomo pake pamakhala puloteni ya MICU yomwe imagwira kashiamu n'kumva kuchuluka kwake, ndipo m'zomera zimene anaichotsa, kashiamu amalowa mofulumira n'kuchuluka mopitirira muyeso. Kashiamu m'selo la chomera ndi uthenga, amakwera chomera chikakhudzidwa, chikazizidwa kapena chikagwidwa ndi matenda, choncho mlondayo ndiye amayeza gawo la uthengawo loyenera kufika m'mitochondria.

Chimene ambiri amadabwa nacho n'choti chomera nthawi zina chimataya mphamvu mwadala. Mu 1995 gulu la Anibal Vercesi ku Brazil linapeza m'mbatatesi puloteni ya mtundu wa UCP, yomwe imalola mapulotoni kubwerera osapanga ATP, ndipo mu 1999 ofufuza a ku Italy anafotokoza kachipata ka potaziyamu m'mitochondria ya tirigu. Zonse ziwirizi ATP imazitseka, pamene timaasidi ta mafuta ndi tinthu towononga tochokera ku okosijeni timazidzutsa. Chifukwa chake n'chomveka ndithu. Kukachita chilala, kukazizira kwambiri kapena nthaka ikachuluka mchere, selo limachepetsa kugwiritsa ntchito ATP, mphamvu pa nembanemba imakwera mopitirira, ndipo maelekitironi amayamba kuthawira ku okosijeni n'kupanga tinthu towononga tija. Kutsegula pang'ono kumatsitsa mphamvuyo. Nyama ikamva kutentha imathawira pamthunzi, koma chomera chimapirira pomwe chamera, ndipo ine ndimaona kuti n'chifukwa chake chinachulukitsa njira zoterezi.

Pa funso lanu lomaliza, kufanana kulipo kwambiri, koma kusiyana kwakukulu kuli pa imfa ya selo. Mwa anthu, mapuloteni a Bax ndi Bak ndi amene amaboola nembanemba yakunja selo likayenera kufa, ndipo Bcl-2 imawaletsa. Zomera zilibe majini amenewa, ngakhale kuti nazonso zimapha maselo ake mwadala pofuna kutsekereza matenda, ndipo mitochondria yake imatupa n'kutulutsa puloteni yake ina yotchedwa cytochrome c panthawiyo.

Kuopsa kwa kabowo kopanda mlonda kunaoneka ku United States mu 1970. Makampani a mbewu kumeneko ankagwiritsa ntchito chimanga cha mtundu wa Texas, chosatulutsa mungu wamoyo, chifukwa chinkawapeputsa ntchito yothyola ngayaye popanga mbewu ya haibulidi, ndipo pofika chaka chimenecho pafupifupi 85 peresenti ya chimanga cha m'dzikolo chinali ndi mitochondria ya mtunduwo. Chomwe chinkalepheretsa munguwo ndi puloteni yaing'ono yotchedwa URF13, yokhala pa nembanemba yam'kati, yochokera ku jini ya m'mitochondria momwemo. Kenaka kunafalikira mtundu wa fangasi wa Bipolaris maydis, woyambitsa chiwawu cha masamba, wokhala ndi poizoni amene akangogwira URF13 amaisandutsa kabowo kotseguka. Mphamvu ya pa nembanemba inkatheratu, ATP inkasiya kupangika, maselo n'kumafa, pamene chimanga chokhala ndi mitochondria wamba sichinkavutika kwenikweni ndi poizoniyo. Dzikolo linataya pafupifupi 15 peresenti ya zokolola zake za chimanga, ndipo makampaniwo anasiya msanga mtundu wa Texas n'kubwerera kothyola ngayaye.