Richard Neustadt anali ndani, ndipo pulezidenti amanyengerera yani?

Mtsikana wina amene akuphunzira za ndale pa yunivesite wanditumizira imelo. Akuti aphunzitsi awo anatchula katswiri wa ku America, Richard Neustadt, amene analemba kuti mphamvu ya pulezidenti ndi mphamvu yonyengerera anthu. Mfundoyi siikumulowa. Funso lake nali: "Munthu wapambana chisankho, asilikali ali m'manja mwake, nduna amasankha yekha. Anyengerera yani? Kodi wolembayo si munthu wa m'kalasi chabe amene sanaonepo mmene boma limayendera?"

Achemwali, ndiyambe ndi funso lomalizalo, chifukwa yankho lake ndi limene likutsegula zonse.

Neustadt sanayambire m'kalasi. Anabadwa mu 1919 ku Philadelphia, anaphunzira ku Berkeley ndi ku Harvard, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anali msilikali wa pamadzi. Nkhondo itatha analowa ntchito mu ofesi yokonza bajeti ya boma, kenaka kuyambira 1950 mpaka 1953 anali mu White House momwemo, mmodzi mwa othandiza Pulezidenti Harry Truman. Inali nthawi ya nkhondo ya ku Korea. Anaona ndi maso ake lamulo likuchoka pa tebulo la pulezidenti n'kukazilala m'maofesi a nduna. Atachoka m'bomamo anaphunzitsa ku Cornell ndi ku Columbia, ndipo mu 1960 anatulutsa buku lake lotchuka, Presidential Power.

M'bukumo muli mawu amene Truman ananena mu 1952 poganizira Dwight Eisenhower, mkulu wa asilikali amene ankayembekezeka kumulowa m'malo. Anati Eisenhower adzakhala pa mpandowo n'kumati chitani ichi, chitani icho, koma palibe chidzachitike, chifukwa kumeneko si ku usilikali. Buku lonse likufotokoza chifukwa chake.

Chimene ndimachikonda mwa Neustadt n'chakuti sanasankhe zitsanzo zophweka. Anatenga nthawi zitatu zimene pulezidenti analamuladi ndipo anthu anamvera, n'kufunsa kuti zinafika bwanji pamenepo.

Choyamba, mu April 1951 Truman anachotsa Douglas MacArthur pa udindo wotsogolera asilikali ku Korea. Lamulo linagwira ntchito tsiku lomwelo. Koma kwa miyezi yambiri MacArthur anali akutsutsa poyera mfundo za boma, akufuna kuti nkhondo ifike mpaka ku China, ndipo Truman analephera kumukhazika chete. MacArthur atachotsedwa anabwerera kwawo ngati ngwazi, anayankhula ku Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, New York inamulandira ndi chinamtindi cha anthu, ndipo amene anatsala ndi mabala ndi Truman.

Chachiwiri, mu April 1952 Truman analanda mafakitale a zitsulo pofuna kupewa sitiraka imene ikanasokoneza zida za nkhondo. Mafakitale analowadi m'manja mwa boma, pansi pa nduna ya zamalonda Charles Sawyer. Pofika June bwalo lalikulu la milandu linagamula, majaji 6 kwa 3, kuti pulezidenti analibe mphamvu zotero. Sitiraka imene ankaithawayo inachitikabe, masiku 53.

Chachitatu ndi cha ku Little Rock, m'chigawo cha Arkansas, mu September 1957. Bwanamkubwa Orval Faubus anatsekereza ana 9 achikuda kulowa pa sukulu ya Central High, imene inali ya azungu okhaokha. Eisenhower, amene tsopano anali pulezidenti, anayamba wakumana naye ku Newport kuti akambirane, zinakanika, ndiye anatumiza asilikali kukaperekeza anawo. Analowadi m'kalasi, ndipo mtima wanga umakhala ndi ana amenewo nthawi zonse ndikawerenga nkhaniyi. Koma chaka chotsatira Faubus anatseka sukulu za sekondale za mumzindawo chaka chathunthu.

Pa nkhani zonse zitatu lamulo linabwera njira zina zitakanika, linali lodula, ndipo linangothetsa kachigawo ka vuto. Mfumu ikafika poitana apolisi kuti anthu ake alambule msewu, msewuwo ulambulidwa, koma m'mudzi monse adziwa kuti mawu ake okha sakukwaniranso. Neustadt anaonanso kuti lamulo limamveredwa msanga pokhapokha zinthu zingapo zikumane: aliyense adziwe kuti lachokera kwa pulezidenti mwiniwake, mawu ake akhale omveka, lilengezedwe poyera, wolamulidwayo akhale ndi zonse zofunika pochita ntchitoyo, ndipo asakayike kuti pulezidenti ali ndi ufulu wolamula zimenezo. Pa ntchito za tsiku ndi tsiku za boma zisanuzi zimakumana mwa apo ndi apo.

Tsono za chisankho. Inu mukuti wapambana, basi alamule. Ku America pulezidenti amasankhidwa kwa zaka 4, pomwe m'nyumba ziwiri za Congress aphungu a House of Representatives amasankhidwa kwa zaka 2, a Senate zaka 6. Aliyense ali ndi anthu ake omuvotera, ndipo amaopa iwowo kuposa mmene amaopera White House. Mu 1956 Eisenhower anapambana m'zigawo 41 mwa 48, koma nyumba zonse ziwiri za Congress zinakhalabe m'manja mwa chipani cha Democratic, chotsutsana naye. N'chifukwa chake Neustadt ankati malamulo oyendetsera dzikolo sanagawe mphamvu kuti aliyense akhale ndi zakezake. Anakhazikitsa nthambi zosiyana zimene zimagwira mphamvu zomwezo limodzi. Pulezidenti alibe ndalama popanda Congress, ndipo Congress imavutika kukhazikitsa lamulo popanda siginecha yake.

Apa ndi pamene ambiri amamumva molakwika. Kunyengerera kwa Neustadt si kuyankhula mokoma pa msonkhano. Ndi kupangitsa phungu, nduna kapena mkulu wa asilikali kuona kuti chimene pulezidenti akufuna n'chimene iyeyo ayenera kuchita pofuna kuteteza udindo wake ndi tsogolo lake. Ndi malonda opatsana. Pa malondawo zinthu ziwiri zimakweza kapena kutsitsa mtengo wa pulezidenti. China ndi mbiri yake pakati pa andale a ku Washington: akalonjeza amachita, akaopseza amakwaniritsa? China ndi mmene anthu wamba akumuonera, chifukwa phungu amayamba wayeza mphepo ya kwawo asanamukanire pulezidenti. Mu February 1952 kafukufuku wa Gallup anapeza kuti anthu 22 okha pa 100 alionse ankakhutira ndi Truman. Munthu wotero anganyengerere yani? Mwezi wotsatira analengeza kuti saimanso.

Bukulo linabwezera Neustadt ku ndale. John Kennedy anamupempha kuti amulembere malangizo a mmene angalandirire boma mu 1960, ndipo mu 1963 anamutuma kufufuza mkangano wa America ndi Britain pa mzinga wa nkhondo wotchedwa Skybolt. Atasamukira ku Harvard anakhala mkulu woyamba wa Institute of Politics, ndipo Al Gore, amene pambuyo pake anakhala wachiwiri kwa pulezidenti, anali mmodzi mwa ophunzira ake. Mu 1978 iye ndi Harvey Fineberg analemba lipoti la katemera wa chimfine cha nkhumba wa 1976, pamene boma la Gerald Ford linabaya anthu oposa 40 miliyoni poopa mliri umene sunabwere. Mu 1986 analemba Thinking in Time ndi Ernest May. Anakwatira Shirley Williams, wandale wa ku Britain, mu 1987, ndipo anamwalira ku England mu 2003.

Kukayika kwanu kuli ndi anzake pakati pa akatswiri. Nkhondo ya ku Vietnam ndi nkhani ya Watergate, chinyengo cha ndale chimene chinachititsa Pulezidenti Richard Nixon kutula pansi udindo, zitachitika, ambiri anati bukulo linaphunzitsa apulezidenti kusaka mphamvu popanda kufunsa kuti mphamvuzo n'zachiyani. Ine dandaulo limenelo ndimalimva, ndipo ndi pamene bukulo lili lofooka kwambiri. Mu 2003 William Howell analemba Power without Persuasion, kuonetsa kuti pulezidenti amachita zambiri payekha pongosaina chikalata cholamula nthambi za boma. Akunena zoona. Komabe taonani pangano la ku Paris la zanyengo: Barack Obama analowetsa America mu 2016, Donald Trump analengeza zotuluka mu 2017, Joe Biden anabwereramo mu 2021, Trump anasainanso zotuluka mu January 2025. Chimene cholembera chimodzi chamanga, cholembera china chimamasula. Pamenepa ine ndimaima ndi Neustadt.

Musathamangire kumuika pa ndale za Malawi osasefa. Kuno pulezidenti angathe kupatsa phungu unduna phunguyo ali pa mpando wake, chinthu chimene ku America n'chosatheka, ndipo chimalemeretsa kwambiri dzanja la pulezidenti. Ngakhale zili choncho, Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 anatsala ndi aphungu ochepa, ndipo bajeti ya 2007 ndi ya 2008 zinachedwa chifukwa cha mkangano wa gawo 65 la malamulo a dziko, lokhudza aphungu osintha chipani. Asilikali anali nawo, nduna anali nazo, koma bajeti inkafuna mavoti a anthu amene sakanatha kuwalamula.

Ngati laibulale yanu ili ndi buku la 1990, lotchedwa Presidential Power and the Modern Presidents, mitu 8 yoyambirira ndi yomwe ija ya 1960, ndipo yotsatirayo ikufika mpaka kwa Ronald Reagan. Yambani ndi mutu 2, wa nkhani zitatu zija, mupitirize ndi mutu 3. Mukatero muwerenge Howell musanalembe chilichonse cha m'kalasi.