Za mlatho wothera m'malere ndi mikangano ya zomangamanga ku Cape Town

Achimwene, funso lanu ndinaliona dzulo madzulo ndili m'minibasi pochokera kuntchito, ndipo ndinati ndiyambe ndafika kaye kunyumba kuti ndiyankhe modekha. Mwaika m'gulu lathu la pa intaneti chithunzi cha mlatho uja wothera m'malere pakati pa Cape Town, n'kufunsa kuti zinatheka bwanji mzinda wolemera chonchi kusiya chinthu chotere, komanso chifukwa chake anthu akuno amakokerana kukhothi ndi kutseka misewu akangomva kuti pamangidwa nyumba yosanja, pomwe ife kwathu timalirira chitukuko chomwecho. Ine ndakhala kuno zaka khumi ndi ziwiri ndipo ntchito yanga ndi yoika matailosi. Nyumba zambiri zimene anthu akukanganiranazi ndimalowamo zisanapentedwe, ndili chogwada pasimenti.

Pamene mlathowo waima, kale panali nyanja. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, pomanga doko la Duncan Dock lomwe linatha mu 1945, anakwirira nyanja ndi mchenga ndi miyala n'kupeza malo atsopano pafupifupi mahekitala 200, amene lero amatchedwa Foreshore. Msewu wa Strand Street unapatsidwa dzinalo chifukwa m'Chidatchi mawuwo amatanthauza gombe, ndipo linga lakale la Castle of Good Hope linamangidwa madzi ali pakhomo. Lero mukatsika Adderley Street kulowera kunyanja, nyanjayo simuipeza. Mupeza misewu yotakata, malo oimikapo magalimoto, kenako mpanda wa doko. Anthu a ku Woodstock anali ndi gombe lawo losambirako ndi kugulako nsomba, nalonso linapita. Ndipo chifukwa malowo ndi apululu okhala ndi nyumba zitalizitali motalikirana, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, mwera weniweni ngati wa kunyanja kwathu, ikamawomba imapanikizika pakati pa nyumbazo mpaka munthu wamkulu kugwira chipilala cha magetsi kuti asagwe. Ndinaonapo mayi wina atakhala pansi pamsewu atakumbatira chikwama chake, kudikira kuti mphepo ipume.

Misewu ya m'mwamba, imene mlathowo ndi mbali yake, inabwera pambuyo pake kudzamaliza kulekanitsa tauni ndi nyanja. Ntchito inaima mu 1977. Mudzamva nthano zambiri, ena amati mwini sitolo wina anakana kusamuka, ena amati injiniya analakwitsa masamu, koma chimene akuluakulu a mzinda akhala akunena n'chakuti ndalama zinachepa ndipo magalimoto a nthawi imeneyo sanali ochuluka moti n'kufunika kumaliza msanga. Kuyambira pamenepo mlathowo wakhala ukubwerekedwa ndi ojambula mafilimu, ndipo pa mpira wa dziko lonse wa 2010 anaikapo vuvuzela wamkulu. Mu 2016 khonsolo inaitana akatswiri kuti abweretse mapulani a malowo. Pulani imene inasankhidwa kumayambiriro kwa 2018 inali yomaliza misewuyo ndi kumanga nsanja 11 za nyumba zogona, nyumba pafupifupi 3,200 zogulitsa pamtengo wa msika ndi zosachepera 450 zokha za anthu opeza pang'ono. Pofika Julaye chaka chomwecho ntchito yonse inathetsedwa, ena amene anapikisana nawo atadandaula za momwe kusankhako kunayendera. Manambala awiriwo, 3,200 ndi 450, pamalo a boma, muwasunge, chifukwa mkangano wonse wa mzinda uno wagona pamenepo.

Kuti mumvetse mkwiyo wa anthu akuno muyenera kuyenda wapansi mphindi zochepa kuchoka pamenepo, kukwera chakuphiri, kukafika ku District Six. Linali dera lodzaza anthu: Makaladi, Asilamu a zidzukulu za akapolo, akuda, Amwenye, Ayuda, onse mothithikana pafupi ndi doko ndi mafakitale kumene ankagwira ntchito. Pa 11 Febuluwale 1966 boma la tsankho linalengeza kuti malowo ndi a azungu okha, pogwiritsa ntchito lamulo la Group Areas Act. Pofika 1982 anthu oposa 60,000 anali atachotsedwa, nyumba zawo zitagumulidwa, iwo atatayidwa kumchenga wa Cape Flats, makilomita 20 kapena kuposa kuchoka m'tauni. Chifukwa chimene boma linkapereka n'chimene chimandiwawa kwambiri: linkati derali ndi lauve, lakalamba, likufunika kukonzedwa mwatsopano. Mawu ake anali a chitukuko. Ndiye munthu amene agogo ake anakwezedwa lole ndi mawu amenewo, lero akamva kampani ikunena kuti ikufuna kutsitsimutsa dera lake, mtima umamugunda.

Ndinagwirapo ntchito ndi bambo wina wachikulire wa pulasitala amene anabadwira kumeneko, ndipo pano amakhala ku Hanover Park, dera limene analitcha dzina la msewu waukulu wa District Six womwe anaugumula. Tsiku lina titaweruka msanga ananditengera kumeneko. Ndi udzu wokhawokha, achimwene, pakati pa mzinda wodula chonchi. Zimene zinatsala ndi matchalitchi ndi mizikiti, monga tchalitchi cha St Mark's ndi mzikiti wa Al-Azhar, zitaima pazokha, ndipo mbali ina inatengedwa ndi sukulu yaukachenjede imene pano ndi Cape Peninsula University of Technology (CPUT). Bamboyo ankayenda muudzumo akupalasa ndi nsapato, mpaka anapeza miyala ya m'mphepete mwa msewu wakale, n'kuima, n'kuloza pamene panali khomo la kwawo. Sanalankhule zambiri. Ku District Six Museum, m'tchalitchi chakale cha Methodist pa Buitenkant Street, pansi pali mapu aakulu pamene anthu ochotsedwawo analemba ndi manja awo mayina a mabanja awo pamalo pamene panali nyumba zawo, ndipo m'mwamba mwapachikidwa zikwangwani za misewu zimene kapitawo wina wa ogumula anasunga m'malo mozitaya. Mu 2004 Nelson Mandela anapereka makiyi kwa oyamba kubwerera, koma nyumba zoyambazo zinali 24 zokha. Kuchokera apo zawonjezeka mazana ochepa, ndipo okalamba ambiri amwalira akudikira.

Musaganize kuti zimenezi zinatha ndi tsankho. Pano amene amasamutsa anthu ndi lendi. Nditangofika ndinkakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ina ku Salt River, ndipo kuntchito m'tauni ndinkatha kupita wapansi kapena kukwera sitima siteshoni ziwiri. Nyumbayo inagulitsidwa, tinapatsidwa mwezi umodzi, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake ndinadutsapo n'kupeza aipenta imvi, aika mpanda wamagetsi ndi kabokosi ka makiyi a alendo pageti. Pano ndili ku Delft, ku Cape Flats komweko. Ndimadzuka 4 koloko m'bandakucha, ndipo ndalama imene ikanapita kumudzi kukagula feteleza imathera m'minibasi. Sitima ya Central Line, yopita ku Khayelitsha ndi Mitchells Plain, itaima kumapeto kwa 2019 chifukwa cha kubedwa kwa mawaya ndi kuwonongedwa kwa njanji, anthu osauka kwambiri ndi amene anayamba kulipira zambiri paulendo. Abale athu ambiri a m'gulu lino ali ku Dunoon, Masiphumelele, Capricorn ndi Imizamo Yethu, ndipo angakuuzeni okha. Mabanja a mu Bromwell Street ku Woodstock atauzidwa kuti atuluke, malo amene khonsolo inawalozera anali Wolwerivier, pafupifupi makilomita 30 kunja kwa tauni. Anakana, mlandu unayenda zaka zambiri, ndipo mu Disembala 2024 khothi lalikulu la Constitutional Court linagamula mowakomera.

Ndiye pali nkhani ya malo a boma. Ku Sea Point, dera la m'mbali mwa nyanja kumene azimayi ambiri ogwira ntchito za m'nyumba amalera ana a eni ake kwa zaka makumi koma alibe pogona pawo, kunali malo a sukulu yakale ya Tafelberg. Boma la chigawo cha Western Cape linawagulitsa pamtengo wa R135 miliyoni kwa sukulu ina yoyima payokha. Mabungwe a Reclaim the City ndi Ndifuna Ukwazi anati malo a anthu onse ngati amenewo ayenera kumangidwapo nyumba za lendi yotsika. Khothi la High Court linathetsa kugulitsako mu 2020, khothi la apilo linatembenuza chigamulocho mu 2024, ndipo nkhani inakafika ku Constitutional Court. Mu Malichi 2017 anthu a Reclaim the City analowa m'chipatala chakale cha Woodstock ndi m'nyumba yakale ya anamwino pafupi ndi Waterfront, dera la masitolo ndi mahotela kudoko, zonse zitangokhala, n'kuyamba kukhalamo. Anazitcha Cissie Gool House ndi Ahmed Kathrada House. Mungatsutse njira yawo, ndipo ambiri amaitsutsa, koma funso lawo silinayankhidwe bwinobwino: bwanji bwalo la gofu ku Rondebosch linkabwerekedwa malo aakulu a khonsolo pa ndalama pafupifupi R1,000 pachaka, pomwe wolondera ndi wophika akuuzidwa kuti pafupi ndi tauni palibe malo?

Sindikufuna mumve ngati ndikunena kuti chatsopano chilichonse n'choipa. Ine ndimadya za zomangamanga zomwezi, ndipo makina onyamula katundu akaima ana anga amagona ndi njala. Komanso pali zinthu zimene zinamangidwa mwaluso moti munthu umangoti kukamwa yasa. Ku Waterfront kunali nkhokwe yaikulu ya konkire yosungiramo chimanga ndi tirigu, yomangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, yotalika mamita 57, imene inasiya kugwira ntchito mu 2001. M'malo moigumula, katswiri wa ku Britain Thomas Heatherwick anaboola mkati mwa mipope yake 42 ya konkire, n'kusema chipinda chachikulu chooneka ngati njere ya chimanga, ndipo mu 2017 inatsegulidwa ngati Zeitz MOCAA, nyumba yoonetseramo luso la ojambula a mu Africa. Ndinalowamo Lachitatu lina m'mawa, nthawi imene ankalola nzika za mayiko a mu Africa kulowa ulere, ndipo ndinakhala nthawi yaitali ndikusisita m'mphepete mmene anadula konkireyo, miyala ya mkati ikuonekera yosalala. Amene anagwira makina odulirawo ankaidziwa ntchito yawo. Pamwamba pake pali hotela imene usiku umodzi ndi malipiro anga a miyezi ingapo, koma nkhokweyo ilipo, ndipo palibe banja limene linagumuliridwa nyumba kuti iyo ikhalepo.

Ku Bo-Kaap n'kumene mkangano wa maonekedwe a nyumba umaonekera bwino. Ndi kuja kwa tinyumba ta mitundumitundu timene mumationa pa zithunzi, kumene kuli mzikiti wa Auwal wa 1794, wakale kuposa yonse m'dziko lino. Makampani atayamba kumanga zosanja m'mphepete mwake, ina yokwana mamita 60, anthu anati zidzawatchingira dzuwa ndi phiri, zidzakweza misonkho ya malo mpaka okalamba kulephera kulipira nyumba zimene anabadwiramo. Mu 2018, mwezi wa Ramadan, anayala nsalu pakati pa Wale Street n'kudyera pamenepo onse pamodzi chakudya chamadzulo chomalizira kusala, magalimoto ataima. Mu 2019 derali linalandira chitetezo cha malamulo ngati malo a mbiri. Ku River Club, ku Observatory, kumene mitsinje ya Liesbeek ndi Black imakumana, mkangano unali wa malo opatulika kwa Akhoi, anthu amene ankakhala kuno azungu asanabwere, pamene panakonzedwa zomanga za ndalama zoposa R4 biliyoni kuphatikizapo maofesi a Amazon. Khothi linaimitsa ntchitoyo mu Malichi 2022, chiletsocho chinachotsedwa kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo nyumbazo zinamangidwa. Chimene chinandimvetsa chisoni n'chakuti magulu a Akhoi eniake anagawanika, ena mbali iyi ena mbali inayo.

Maganizo anga ndi akuti kutalika kwa nyumba si mlandu pakokha. Mzinda uno wapanikizika pakati pa phiri ndi nyanja, ndipo ngati tikufuna kuti anthu ambiri akhale pafupi ndi ntchito, kumanga mosanja sikungapeweke. Ndaonanso anthu opeza bwino akugwiritsa ntchito mawu omwewo a mbiri ndi kukongola kwa phiri pofuna kukana nyumba za anthu wamba pafupi ndi iwo, ndipo zimenezo sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono. Chimene ine ndimayang'ana ndikalowa m'nyumba yatsopano n'chakuti amangira ndani. Chaka chatha ndinaika matailosi m'tizipinda tina m'tauni, kalikonse kochepa moti bedi, sinki ndi shawa zili pafupifupi m'chipinda chimodzi, popanda poyanika zovala, popanda poti mwana n'kukwawa. Ndinazindikira ndisanamalize kuyala mzera woyamba kuti muno simudzakhala banja, ndi mwa alendo a masiku atatu. Pansi pa nyumbayo, m'malo mwa masitolo ndi makomo oyang'ana kumsewu, pali khoma la galaja la magalimoto lotalika nsanjika zingapo, moti usiku msewu wonse umakhala zii, woopsa kwa mayi amene akudikira basi. Zosiyana nazo ziliponso, monga Conradie Park ku Pinelands, pamalo a chipatala chakale, kumene nyumba za lendi yotsika ndi zogulitsa zamangidwa pamodzi, koma n'zochepa poyerekeza ndi anthu amene akudikira.

Poti mwati mukuphunzira zojambula mapulani a nyumba, nkhaniyi siili kutali ndi inu. Lilongwe, amene anakhala likulu mu 1975, anamangidwa ndi ngongole komanso akatswiri ochokera kuno ku South Africa nthawi ya tsankho yomweyo, ndipo taonani kutalikirana kwa Capital Hill, Old Town ndi kumene kumagona anthu amene amasesa maofesiwo.

Mukadzapeza mwayi wobwera, mudzandiuze m'gulu momuno. Tidzayambira pansi pa mlathowo Loweruka m'mawa, tidzakwere wapansi mpaka ku District Six, ndipo madzulo tidzakwere limodzi minibasi ya ku Delft pamwamba pa siteshoni, nthawi imene mizere imakhala italitali. Mudzatenge juzi, mphepo ya ku Foreshore imazizira ngakhale dzuwa likuwala.