Tifunseni: Boma Lingazule Bwanji Njanji Zake Lomwe pa Nkhondo?

Funso: Ine ndimakhala ku Golomoti m'boma la Dedza, pafupi ndi njanji yochokera ku Balaka kupita ku Salima. Mwana wanga wa kusekondale wandiuza kuti pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America boma lina linkazula njanji za m'dziko lake lomwe. Kodi n'zoona? Nanga boma lingawononge bwanji chinthu chimene asilikali ake akudalira?
— Bambo wa ku Golomoti

Yankho: Mwana wanu sananame, bambo. Nkhondoyo inamenyedwa kuyambira mu 1861 mpaka mu 1865, zigawo 11 za kumwera zitadzipatula pofuna kusunga ukapolo n'kukhazikitsa boma lawo la Confederate States. Pa nthawiyo dziko lonse la America linali ndi njanji za makilomita pafupifupi 48,000, ndipo za kumwera zinali pafupifupi makilomita 14,500 okha. Koma vuto lenileni linali lakuti zitsulo zambiri za njanjizo zinkagulidwa ku Britain ndi kuzigawo za kumpoto, choncho pamene nkhondo inayamba ndipo pulezidenti wa America, Abraham Lincoln, analamula mu Epulo 1861 kuti madoko a kumwera atsekedwe, njira zonse ziwiri zinaduka. Dziwaninso kuti njanji za masiku amenewo zinali za chitsulo chofewerapo chimene chinkaperepeseka m'zaka zowerengeka, moti zinkafunika kusinthidwa kawirikawiri.

Kumwerako kunali fakitale yaikulu yosungunula zitsulo ya Tredegar mumzinda wa Richmond, likulu la boma la kumweralo, koma boma linaipanikiza ndi ntchito yopanga mizinga, zipolopolo ndi zitsulo zokutira sitima zankhondo za pamadzi. Sitima ya kumwera ya CSS Virginia, imene inalimbana ndi sitima ya kumpoto ya USS Monitor mu Malichi 1862, inakutidwa ndi zitsulo zolemera matani opitirira 700, ndipo zina mwa izo zinachokera ku njanji zakale, pomwe sitima ina ya kumwera ya CSS Arkansas anangoikuta ndi njanji zenizenizo. Asilikali a pamadzi ankafuna chitsulo, a pamtunda ankachifunanso, eni makampani a njanji nawonso ankalira kuti sitima zawo zikugwa kaamba ka njanji zakutha, ndipo paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Apa ndi pamene kuzula kunayambira. Boma linkasankha njanji zing'onozing'ono zimene linkaziona ngati zosafunika pa nkhondo, n'kukayala zitsulo zake pamene panali pofunika kwambiri. Umu ndi mmene njanji ya makilomita 77 yolumikiza mizinda ya Danville ndi Greensboro inamalizidwira mu 1864. Ku chigawo cha Florida zinthu zinafika kukhoti: David Levy Yulee, mkulu wa kampani ya Florida Railroad, anakana kuti njanji yake izulidwe ndipo khoti linapereka chiletso, koma asilikali anazulabe. Cholinga chinali chakuti nyama ya ng'ombe ya ku Florida izifika kwa asilikali kudzera pa njanji yatsopano yopita ku chigawo cha Georgia, koma chifukwa cha kukokanakokanako njanjiyo inamalizidwa mu Malichi 1865, nkhondo itatsala pang'ono kutha.

Kwa ine, kulakwitsa kwakukulu kwa atsogoleriwo kunali kuganiza kuti zofuna za asilikali zingalekanitsidwe ndi za anthu wamba, pamene bogi yonyamula zipolopolo ndi yonyamula chimanga zinkayenda pa njanji imodzi. Mlimi amene njanji ya kwawo yazulidwa sankathanso kutumiza zokolola kumzinda, ndipo njanji zikuluzikulu zitafooka sitima zinkayenda pang'onopang'ono, katundu n'kumaunjikana m'masiteshoni. Kuvuta kwa mayendedweku, pamodzi ndi kukwera kwa mitengo, kunachititsa kuti pa 2 Epulo 1863 amayi a ku Richmond athyole masitolo pofuna chakudya, ndipo asilikali a Robert E. Lee, mkulu wankhondo wa kumwera, nawonso ankagona ndi njala chakudya chili m'zigawo zina. Mphamvu zoyendetsera njanji zonse boma la kumwera linapatsidwa mochedwa, mu Febuluwale 1865, pomwe la kumpoto linali nazo kuyambira mu Januwale 1862.

Adani nawonso ankadziwa pamene panali chilonda. Mu 1864 ku Georgia asilikali a William T. Sherman, mkulu wankhondo wa kumpoto, ankawotcha njanji pamoto mpaka zitafiira, kenako n'kuzikulunga pamitengo, podziwa kuti kumwera kunalibe mafakitale okwanira oziwongolera kapena kupanga zina.